Mfuti zakale za ku China si zokongoletsera pabalaza

Mu Julaye 1970, pamudzi wa Banlachengzi m'boma la Acheng, kumpoto chakum'mawa kwa China, m'nthaka munatuluka chinthu chamkuwa chotalika masentimita 34, cholemera makilogalamu atatu ndi theka. Kutsogolo kwake ndi mpope wowongoka, wakukamwa kosakwana masentimita atatu. Pakati n'potupa, ndipo pamwamba pa potupapo pali kabowo kakang'ono. Kumbuyo kuli mphako yolowetsamo ndodo yogwirira. Msilikali ankathira wonga kudzera kukamwa, n'kutsendera bwinobwino, n'kuponyamo timiyala kapena tizitsulo, kenaka n'kugunditsa moto pakabowo paja. Potupapo ndi pamene wonga unkayakira, n'chifukwa chake amisiri anapachindikalitsa kuti pasang'ambikire mwiniwake m'manja. Amene anaonapo mlenje akuthira wonga m'gogodela sangavutike kuzindikira kuti ziwirizi ndi za mtundu umodzi, kungoti iyi ilibe pokoka ndi chala, ilibenso poika paphewa.

Lero mfutiyi ili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya chigawo cha Heilongjiang, mumzinda wa Harbin. Akatswiri ambiri amaiika m'gulu la mfuti zakale kwambiri zimene zilipo padziko lapansi, ndipo amati inapangidwa chaka cha 1288 chisanathe. Komatu pathupi pake palibe chilembo ngakhale chimodzi. Palibe dzina la mmisiri, palibe chaka, palibe dzina la mfumu. Chaka chimenechi anachipeza kuchokera ku zinthu ziwiri zimene zili kunja kwa mfutiyo. Choyamba ndi zimene inagona nazo m'dothi: zipangizo zina zamkuwa, kuphatikizapo galasi loonera nkhope, za kapangidwe ka nthawi ya ufumu wa Jin, umene unagwa mu 1234. Chachiwiri ndi malowo. Mabuku a ufumu wa Yuan, wa a Mongol amene ankalamula China, amasimba kuti mu 1287 kalonga wina wa a Mongol, dzina lake Nayan, anaukira mfumu yake Kublai Khan kudera lomweli la Manchuria. Mkulu wa asilikali wotchedwa Li Ting anatenga amuna khumi onyamula zida zamoto n'kulowa nawo usiku mumsasa wa oukirawo. Zidazo zitalira, adaniwo anabalalika n'kuyamba kuphana okhaokha. Chaka chotsatira Li Ting anamenyananso ndi otsala a gululo. Mukaika pamodzi mfuti, dothi ndi mabuku, chaka chimatuluka.

Tsopano tiyerekeze kuti woyamba kuiona akanaibisa m'thumba n'kukaigulitsa kwa wamalonda m'tauni, wamalondayo n'kuitumiza ku Hong Kong, n'kukathera pashelefu m'nyumba ya munthu wolemera ku London kapena ku New York. Mkuwa ukanakhala womwewo, kulemera komweko, kabowo komweko. Koma palibe akanatha kunena ngati ndi ya 1288, ya 1488 kapena ya chaka chatha. Ine ndikuima apa: phindu lenileni la mfuti zakalezi lili mu umboni umene zimapereka, ndipo msika wogula zinthu zakale osafunsa kumene zachokera ukupha umboni umenewo. Ogula motere amadzitcha okonda mbiri, koma ndalama zawo ndi zimene zimalipira munthu wokumba usiku.

Mukafufuza pa intaneti mupeza mfuti zoterezi zili mbwee pamasamba a okushoni ndi a ogulitsa zinthu zakale. Zambiri amazilemba kuti ndi za nthawi ya Ming, ufumu umene unalamula kuyambira 1368 mpaka 1644. Zochuluka ndi zachitsulo, za mipope itatu yolumikizana pandodo imodzi. Zida za mipope itatuzi asilikali a Ming ankazigwiritsadi ntchito, makamaka okwera pa akavalo kumalire a kumpoto. Koma anthu akumudzi anapitiriza kuzisula kwa zaka zambiri ufumuwo utatha, kuti aziombera m'mwamba pazikondwerero za kukachisi, pamaukwati ndi pamaliro. Choncho chida chosulidwa m'zaka za m'ma 1900, chimene sichinaonepo nkhondo, chimatha kugulitsidwa ngati cha msilikali wa m'ma 1500. Ndiye palinso zopangidwa dala kuti zinamize anthu: amasungunulira mkuwa m'chikombole, n'kuuthira asidi, n'kuukwirira m'dothi kwa kanthawi kuti utuluke ndi dzimbiri lobiriwira lija limene ogula amalikonda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mkuwa suli ngati mtengo kapena fupa, zimene asayansi amatha kuyeza zaka zake ndi njira ya carbon. Ukachotsedwa pamalo pake sungathenso kunena msinkhu wake.

Wina anena kuti ngati zambiri n'zabodza, ndiye vuto lili pati? Wapusitsidwa ndi wogulayo, ndipo ndalama ndi zake. Vuto ndi lakuti zenizeni zochepa zimene zimalowa mumsikawu zimamira m'khamu la zabodza. Katswiri woona mtima sangalembe chilichonse chodalirika kuchokera pamfuti yosadziwika kwawo, ngakhale itakhala yeniyeni. Imakhala yatayika, chonsecho ili m'kabati ya galasi, nyali ikuiwalira.

Nanga umboni umene ndikuudandaulawu ndi wa chiyani?

Pali nkhani imene ambiri tinaimva, ena kusukulu, ena pamacheza: yakuti anthu a ku China anatulukira wonga koma ankangopangira makombola a pazikondwerero, mpaka Azungu anabwera kudzaonetsa dziko kuti wonga ndi wa mfuti. Mumzinda wa Freiburg ku Germany muli chipilala cha Berthold Schwarz, mmonke amene kwa nthawi yaitali ankanenedwa kuti ndiye anatulukira wonga, ngakhale akatswiri a mbiri lero amati munthuyo ndi wa m'nthano chabe. Bodzali linalowa ngakhale m'mitu ya eni ake. Mu 1933 mlembi wotchuka Lu Xun, atawawidwa mtima ndi kufooka kwa dziko lake, analemba kuti alendo amapangira wonga zipolopolo zothana ndi adani pamene anthu akwawo amapangira makombola opembedzera milungu. M'pomveka kuti anthu anazikhulupirira. Mu Januwale 1841 sitima yachitsulo ya Britain yoyendera nthunzi, yotchedwa Nemesis, inaphwasula zombo zankhondo za China pa Chuenpi, ndipo mu 1842 China inasaina pangano la Nanjing n'kutaya Hong Kong. Amene anaona kugonja kumeneku anayang'ana m'mbuyo n'kuganiza kuti zinthu zinali choncho chiyambire.

Sizinali choncho ayi. Wonga anautulukira asing'anga a chipembedzo cha Dao m'zaka za m'ma 800, nthawi ya ufumu wa Tang, pamene ankasakaniza mankhwala pofunafuna moyo wautali. Buku lina la nthawi imeneyo limachenjeza kuti ena anatenthetsa pamodzi sulufule, mchere wa saltpeter ndi uchi, n'kupsa manja ndi nkhope, nyumba yonse n'kunyeka. Pofika 1044 akuluakulu a ufumu wa Song anali atalemba m'buku la zankhondo lotchedwa Wujing Zongyao njira zitatu zosakanizira wonga, ndipo zonse zitatu ndi za pankhondo: zoyatsira moto kwa adani ndi zotulutsa utsi wapoizoni. Mu wonga umenewo saltpeter ankangokwana pafupifupi theka, choncho unkayaka mwaukali koma osaphulika kwambiri. Amisiri anapitiriza kuonjezera mchere umenewu mibadwo ingapo mpaka wonga unayamba kung'amba chitsulo. Mu 1076 boma la Song linaletsa anthu a m'zigawo za kumalire kugulitsa sulufule ndi saltpeter kunja. Zimenezi linachita chifukwa linkadziwa kuti ndi zida, ndipo silinafune kuti adani azipeze.

Mu 1132, pamene mzinda wa De'an unazingidwa, mtsogoleri wake Chen Gui anatulutsa amuna onyamula nsungwi zazitali zodzaza wonga, zimene zinkalavula moto pansanja zamatabwa zimene adani ankakankhira kulinga. Patatha zaka 100, mu 1232, a Mongol anazinga Kaifeng, likulu la ufumu wa Jin. Okumba linga a Mongol ankabisala kunsi kwa zikopa zang'ombe kuti mivi isawalase. A m'katimo anatenga bomba la chigoba chachitsulo, n'kulitsitsa ndi tcheni kuchokera pamwamba pa linga mpaka pamene panali okumbawo. Olemba mbiri ya Jin amati likaphulika, anthu ndi zikopa zomwe zinkanyenyeka osatsala kanthu. Mu 1259, ku Shouchun, kunalembedwa za mpope wansungwi umene wonga ukayaka unkatulutsa timibulu kutsogolo. Apa mfuti yatsala pang'ono kubadwa. Chotsala ndi kuchotsa nsungwi n'kuikapo mkuwa, ndi kupanga chipolopolo chodzaza kukamwa konse kuti mphamvu ya moto isathawire m'mbali.

Zonsezi zili m'mabuku, ndiye mwina mufunsa kuti mkuwa wa m'dothi tiufuniranji. Chifukwa chake n'chakuti mabuku akalewa ali ndi msampha. Liwu limodzi lomwelo alembi ankatchulira makina oponya miyala, bomba loponyedwa ndi makinawo, ndiponso pambuyo pake mfuti. Ngakhale pankhani ya Li Ting ija, alipo akatswiri amene amati amuna khumiwo mwina ananyamula mabomba, osati mfuti. Zithunzi nazo sizithetsa mlandu. M'mapanga a Dazu, ku China komweko, muli chosema cha m'chaka cha 1128 cha munthu atanyamula chinthu chonga mtsuko, chikutulutsa china chake kukamwa. Ena anachiona mu 1985 n'kunena kuti nayi mfuti yoyamba. Ena anayankha kuti ameneyo ndi mzimu wa mphepo ukumasula thumba lake. Mpaka lero sanagwirizane. Amene ankafuna kukana kuti mfuti inabadwira ku China anali ndi pothawira, bola ngati umboni unali mawu ndi zithunzi zokha.

Chimene chinatseka pothawirapo ndi zitsulo zochepa, zodziwika kwawo. Kudera la mabwinja a Shangdu, mzinda wa Kublai Khan umene Azungu ankautcha Xanadu, kunapezeka mfuti yamkuwa yotalika masentimita 34.7, yolemera makilogalamu 6.2. Pathupi pake pali zilembo za 'Phags-pa, zimene Kublai Khan analamula kuti zizigwiritsidwa ntchito m'boma lake, ndipo zimatchula chaka chofanana ndi 1298 pakalendala yathu, pamodzi ndi nambala ya mfutiyo. Nambalayo ndi yofunika kuposa chaka. Mmisiri woyeserera chinthu chatsopano salemba nambala. Nambala imalembedwa pamene zinthu zikupangidwa zambiri ndipo pali wina amene akuziwerengera m'kaundula. Ku Ulaya, umboni woyamba wodalirika wa mfuti ndi wa mu 1326, pamene akuluakulu a mzinda wa Florence analamula kuti papangidwe mizinga ndi zipolopolo zachitsulo, ndi chithunzi cha m'zolemba za Walter de Milemete ku England cha nthawi yomweyo. Pakati pa 1298 ndi 1326 pali zaka 28. Palinso mfuti ina yolembedwa chaka cha 1332 imene ili m'nyumba yaikulu yosungiramo zakale ku Beijing, ndi ina ya 1351.

Koma imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Wuwei, m'chigawo cha Gansu, yopezeka mu 1980. Iyi si ya m'manja. Ndi mzinga wamkuwa wotalika mita imodzi, wolemera makilogalamu 108.5. Atayang'ana m'kati mwake anapeza kuti udakali wodzaza: munali mpira wachitsulo wodyeka ndi dzimbiri, ndi wonga wokwana magalamu 100. Munthu wina anauthira wonga, n'kuikamo chipolopolo, n'kukonzekera kuomba, koma sanaombe. Potengera zinthu zimene zinapezeka nawo limodzi, ena amauika kumapeto kwa ufumu wa Western Xia, umene a Mongol anaugwetsa mu 1227. Ena amatsutsa n'kunena kuti ndi wa pambuyo pake. Mtsutso umenewu ndi wabwino, ndipo ukutheka chifukwa pali zinthu zoti anthu atsutsanirepo. Mzingawu ukanagwera m'manja mwa wamalonda, ntchito yake yoyamba ikanakhala kutokosa m'katimo ndi waya, kutsuka ndi madzi, ndi kupukuta kunja kuti uoneke bwino pachithunzi. Kafumbi kakuda kaja, kamene kangauze asayansi mmene wonga wa nthawi imeneyo unkasakanizidwira, kakanapita ndi madzi otsukira.

Chimodzimodzi ku Japan. Zombo za a Mongol zimene zinapita kukathira nkhondo dzikolo mu 1281 zinamizidwa ndi namondwe pafupi ndi chilumba cha Takashima. Ofukula zakale atamira pansi pa nyanja pamenepo anapeza mipira yadothi yowotcha, ndipo ataiunika ndi X-ray anaona kuti m'kati mwa ina munali tizidutswa tachitsulo. Anali mabomba okonzedwa kuti ang'ambe matupi a anthu. Mpira wadothi woterewu uli pamsika palibe angaucheukire. Uli pansi pa nyanja ya Takashima, pakati pa anangula ndi matabwa a zombo za 1281, umayankha funso limene anthu anakangana nalo kwa nthawi yaitali.

Ndipo mafunso akuluakulu sanathe. Mfuti ikuoneka ku China kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, pambuyo pa mibadwo yambiri yoyesayesa imene tingathe kuitsata sitepe ndi sitepe, kuchokera kunsungwi kufika kumkuwa. Ku Ulaya ikungotulukira mwadzidzidzi, yokhwima kale, popanda masitepe amenewo. Ambiri amakhulupirira kuti luso limeneli linayenda m'misewu imene a Mongol anatsegula pakati pa Asia ndi Ulaya, koma mfuti za panjira, zoonetsa kumene linadzera ndi amene analinyamula, sizinapezeke. Ngati zilipo, zili m'nthaka ya kumadzulo kwa China, ku Mongolia, pakati pa Asia kapena m'mbali mwa mtsinje wa Volga. Wokumba ndi makina ofufuzira zitsulo akaipeza imodzi n'kuigulitsa ngati "ya Ming", yankho la funso limeneli latayika ndipo palibe adzadziwe kuti linapezekapo.

Ngakhale za Ming zenizenizo, zimene ndi zochuluka, si zoti n'kungomwazika. Mu 1380 mfumu yoyamba ya Ming inalamula kuti mwa asilikali 100 alionse, khumi azinyamula mfuti. Mu 1388, ku Yunnan, mkulu wa asilikali Mu Ying anakumana ndi adani okwera njovu. Anaika anthu ake amfuti ndi mivi yamoto m'mizere itatu: woyamba ukaomba, wachiwiri uombe, kenaka wachitatu, kuti moto usaleke. Njovu zinatembenuka n'kupondereza eni ake. Ku Ulaya kaombedwe kosinthana mizere kameneka kanadzakhazikika patapita zaka pafupifupi 200. Mfuti za nthawi imeneyi zinakhalabe zazing'ono, ndipo ena amatenga chimenechi ngati chizindikiro cha kutsalira. Koma linga la mzinda ngati Xi'an ndi dothi lotsendereka lochindikala mamita oposa 15 pansi pake, ndipo mzinga wa masiku amenewo sukanalibowola. Amisiriwo ankapanga zida zolasira anthu, akavalo ndi zombo, chifukwa nkhondo zawo zinkafuna zimenezo. Apwitikizi atafika ndi mizinga yamtundu wina, asilikali a Ming anawagonjetsa mu 1521 ndi 1522, n'kutenga mizingayo n'kuyamba kupanga yawo.

Pamfuti zambiri za kumayambiriro kwa Ming amisiri ankalembapo gulu la asilikali limene lapangitsa, dzina la woyang'anira ntchito, dzina la mmisiri wophunzitsa, dzina la mmisiri wophunzira, kulemera kwa mfutiyo ndi chaka. Awa ndi anthu wamba, amene mabuku a mafumu analibe nawo ntchito, ndipo mayina awo anapulumukira pamkuwa. M'nthawi ya mfumu Yongle, mfuti zinayamba kupatsidwa manambala otsatizana ofika m'zikwi makumimakumi. Akatswiri akaika pamodzi manambala ndi zaka za mfuti zimene zilipo, amatha kuyerekeza kuchuluka kwa zimene boma linkapanga ndi nthawi imene ntchitoyo inakula. Mfuti iliyonse yolembedwa imene yabisika m'nyumba ya munthu, osajambulidwa, osawerengedwa, ndi mzere wosowa m'kaundula ameneyu. Ndipo chilembo chokha sichiteteza, pakuti opanga zabodza nawonso amadziwa kulemba. Timakhulupirira chilembo pochiyerekeza ndi za mfuti zimene tikudziwa bwino kumene zinafukulidwa.

Osonkhanitsa zinthu zakale ali ndi yankho lawo, ndipo si lopepuka. Amati boma si mlonda wokhulupirika nthawi zonse. Mu 1958, pa ndondomeko ya Great Leap Forward, anthu ku China analamulidwa kusungunula zitsulo m'ng'anjo za kuseri kwa nyumba, ndipo zinthu zakale zambiri zinathera m'moto umenewo. Kuyambira 1966, achinyamata a Cultural Revolution anaphwanya makachisi ndi zinthu zamakolo pofuna kuthetsa zakale. Zimene zinali kunja kwa dziko panthawiyo zinapulumuka. Amatinso nyumba zosungiramo zakale zimatsekera zinthu zambiri m'zipinda zamdima momwe palibe amaziona, pamene munthu wokonda chinthu chake amachisamala ndi kuchiphunzira. Zonsezi n'zoona. Ndionjezereponso chimene iwo satchula kawirikawiri: nyumba zina zikuluzikulu za ku Ulaya nazonso zili ndi katundu amene anachoka ku China ndi nkhondo, monga pamene asilikali a Britain ndi France anafunkha nyumba yachifumu ya Yuanmingyuan mu 1860. Palibe mbali imene manja ake ali oyera kotheratu.

Koma yankho limeneli likukamba za dzana. Munthu amene akugula lero mfuti yopanda mapepala sakuipulumutsa kung'anjo ya 1958. Akuuza wamalonda kuti bweretsa ina, wamalonda akuuza wokumba, wokumba akupita kumanda akale kapena kubwinja la linga ndi khasu usiku. Wokumbayo sajambula, sayeza kuya kwa dzenje, sasunga mapale amene mfutiyo yagona nawo. Amatenga chimene chili ndi msika, zotsala n'kuziponda. Malamulo pankhaniyi ndi omveka. Kuyambira 1982 lamulo la China limati zinthu zakale zonse zimene zili m'nthaka ndi pansi pa madzi a dzikolo ndi za boma, ndipo kuyambira 2007 zinthu zopangidwa chaka cha 1911 chisanafike siziloledwa kutuluka m'dziko kukagulitsidwa. Pangano la 1970 la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, linakhazikitsidwa pofuna kuthetsa malonda omwewa. Choncho mfuti imene akuti ndi ya Yuan kapena Ming, yongotulukira pamsika posachedwa popanda mbiri ya eni ake akale, ndi chimodzi mwa ziwiri: yabodza kapena yozembetsedwa. Wogula asankhe chimene akufuna kuti chikhale m'nyumba mwake.

Ife kuno tikudziwa kufunika kwa chinthu chopezeka pamalo pake. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Amaravi, wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yochokera kutsidya kwa nyanja ndi zidutswa za mbale zadothi za ku China. Zidutswa zimenezo pamsika sizingagule kanthu. Koma chifukwa zinafukulidwa mwadongosolo, pamodzi ndi mapale a makolo athu, minyanga ndi mkuwa, zimachitira umboni kuti Amaravi ankachita malonda ofika kunyanja ya Indian Ocean zaka mazana angapo zapitazo. Akanazitola mlendo n'kupita nazo kwawo, tikanataya tsamba lonse la mbiri yathu osadziwa n'komwe.

Pali chinthu china chimene chimandivuta ndi kuika mfutizi pabalaza ngati duwa. Izi ndi zida zophera anthu, ndipo zinayamba kupha ngakhale ozipanga. Mu 1280, ku Weiyang, kumene lero ndi Yangzhou, nkhokwe ya zida inaphulika. Wolemba wa nthawiyo, Zhou Mi, amati amisiri ozolowera anali atachotsedwa n'kuikapo atsopano osadziwa khalidwe la mankhwalawo. Akupera sulufule panathetheka moto, unagwira mikondo yamoto, kenaka unafika pamabomba. Alonda 100 anafa, mitanda ya nyumba inakagwera kutali, ndipo mabanja oyandikana nawo anawonongeka. Kuchokera pamenepo mzere wake ndi wautali, ndipo unadzafika mpaka kuno, pamene mfuti zothira wonga kukamwa zinalowa ndi amalonda a akapolo ndi minyanga m'zaka za m'ma 1800 n'kusandutsa midzi mabwinja. Chinthu chimene chili kumayambiriro kwa mzere woterewu chiyenera kukhala poti mwana wasukulu achione, auzidwe kumene chinachokera, amene anachipanga ndi zimene chinachita.

Sindikunena kuti aliyense amene ali ndi mfuti yotere ndi mbava. Zilipo zimene zinachoka ku China kalekale, zogulidwa poyera, zokhala ndi makalata ndi malisiti osonyeza kuti zinali kunja chaka cha 1970 chisanafike. Mwini wa yoteroyo ali ndi udindo wosavuta. Asaitsuke ndi mankhwala, asapale dzimbiri, asatokose m'kati, ndipo asayese kuiomba, pakuti mkuwa wa zaka 600 ukhoza kumung'ambikira kumaso. Aiyeze kutalika, kulemera ndi kukula kwa kukamwa, ajambule chilembo chilichonse mooneka bwino, atumize zonsezo pamodzi ndi mapepala ake kwa akatswiri a kuyunivesite kapena a nyumba yosungiramo zakale, ndipo alole kuti zisindikizidwe. Akafuna kuisiya, aipereke kumene anthu angaione. A okushoni nawo asamangolemba kuti "kuchokera kwa wosonkhanitsa wina wa ku Ulaya" n'kuthera pomwepo. Atchule chaka chimene mfutiyo inatuluka ku China, aonetse pepala lotsimikizira, ndipo ngati pepalalo palibe, aibweze kwa amene waibweretsa.